Chifukwa chake zithunzi zina zimakana kuchoka m'mutu

Tsiku lina ndinathera pafupifupi maola anayi m'nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja, ndikuyenda chipinda ndi chipinda mpaka miyendo inayamba kuwawa, ndipo potuluka ndinali wotsimikiza kuti zimene ndaonazo ndidzafa nazo. Patapita sabata imodzi mnzanga wina anandipempha kuti ndimufotokozere zimene ndinakaona. Ndinatsegula pakamwa ndi chidaliro chonse, koma pa zithunzi mazanamazana zija, zimene ndinatha kuzifotokoza bwinobwino sizinapitirire zinayi. Zina zonse zinali zitasungunuka n'kusanduka phala limodzi la mitengo, mitambo ndi nkhope za anthu olemera amene sindikuwadziwa. Chimene chinandivutitsa maganizo sichinali kuiwalako, pakuti kuiwala n'kwa munthu aliyense, koma kuti zinayi zotsalazo sizinali zokongola kuposa zinzake. Chimodzi mwa izo chinali chakuda bii, utoto wake utang'alukang'aluka. Zinatsala chifukwa m'chilichonse munali munthu amene chinachake chinali pafupi kumuchitikira, ndipo ine ndinaima pamenepo n'kumadzifunsa kuti kodi zinatha bwanji.

Poyamba ndinkaganiza kuti mwina mutu wanga ndi umene uli wobooka. Kenako ndinadziwa kuti vuto silili pa kusunga zithunzi, chifukwa pa ntchito imeneyo ubongo wa munthu ndi nkhokwe yodabwitsa. Mu 1973 katswiri wina wa maphunziro a maganizo, Lionel Standing, anaonetsa anthu zithunzi zokwana 10,000, chilichonse kwa masekondi ochepa chabe, ndipo pambuyo pake, atawasonyeza zithunzi ziwiriziwiri kuti aloze chimene anachionapo kale, ankalondola nthawi zoposa 8 pa 10 zilizonse. Koma kuzindikira ndi kwina, kukumbukira ndi kwina. Kuzindikira kumafuna kuti chinthucho chibwere pamaso pako kuti unene kuti ichi ndinachionapo. Kukumbukira ndiko kuchiitana chili kutali, usiku uli chigonere, n'kubwera. Zithunzi mazana zija ndikanazizindikira ndikanazionanso, koma ndinalibe chingwe chozikokera.

Chingwe chimenecho ndi nkhani, ndipo pali kafukufuku wamng'ono amene amandisangalatsa chifukwa amasonyeza zimenezi popanda zambiri. Mu 1975 Gordon Bower ndi anzake awiri anaonetsa ophunzira tizithunzi ta mizeremizere topanda tanthauzo looneka. Taganizirani bokosi limene mkati mwake mwadutsa mizere iwiri yopendekeka, pakati pa mizereyo pali mathothomathotho. Ukaliona chonchi, ndi mizere basi, ndipo mawa sudzakumbukira ngati inapendekera kumanja kapena kumanzere. Koma wina akakuuza kuti limeneli ndi khosi la nyamalikiti amene akudutsa pawindo, umaseka, ndipo kachithunziko kamakhazikika. M'kafukufukuyo, amene anapatsidwa mawu ofotokozera anatha kujambulanso kuchokera m'mutu pafupifupi tizithunzi 7 pa 10 tilitonse, pamene amene sanauzidwe kanthu anatha theka lokha. Mizere inali yomweyo, maso anali ofanana. Chinasintha n'chakuti ena anali ndi nyamalikiti amene akuchokera kwinakwake n'kumapita kwinakwake.

Ndipotu ngakhale pasakhale wotiuza, timadzipekera tokha. Mu 1944 Fritz Heider ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kakanema kakafupi mmene tizidutswa tiwiri ta ngodya zitatu ndi kena kozungulira tinkayendayenda pafupi ndi bokosi lokhala ndi khomo. Munalibe nkhope, munalibe mawu. Komabe pafupifupi onse oonera, pofotokoza zimene anaona, anakamba za munthu wankhanza amene akuvutitsa anzake awiri, za kuthamangitsana, za kubisala m'nyumba ndi za mkwiyo. Munthu sangathe kupirira chinthu chimene chikuyenda popanda chifukwa. Amachipatsa mtima ndi cholinga, atero ndiye amapuma.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni la wojambula. Wokamba nkhani ali ndi nthawi kumbali yake: amayamba, amafika pakati, amamaliza. Wojambula ali ndi kamphindi kamodzi kokha, kouma panjira, ndipo zonse zimene zinachitika kale ndi zimene zichitike ayenera kuzisenzetsa pa kamphindi kameneko. Mlembi wa ku Germany, Gotthold Lessing, analemba za zimenezi mu 1766, ndipo mfundo yake inali yakuti wojambula wanzeru sasankha pachimake penipeni pa chochitika, koma amasankha kamphindi kamene kamasiyira woonera malo oti maganizo ake apitirize ulendo. Ndikaganizira zithunzi zimene zakhala nane zaka zambiri, ndimaona kuti bamboyu ananena zoona.

Chitsanzo chimene ndimachibwerera kawirikawiri ndi chithunzi chachikulu cha Théodore Géricault chimene chili m'nyumba yoonetsera zithunzi ya Louvre, mumzinda wa Paris. Pa 2 Julayi 1816 sitima ya pamadzi ya dziko la France, yotchedwa Méduse, inatitimira mumchenga kufupi ndi gombe la dziko limene lero ndi Mauritania. Woyendetsa wake anali munthu amene anali atatha zaka zoposa 20 asakuyendetsa sitima, ndipo udindowo anaupeza chifukwa cha ndale. Mabwato opulumukira anali osakwanira, choncho anthu pafupifupi 147 anawakweza pa thandala loyandama limene analikhoma mofulumira ndi matabwa a sitimayo, powalonjeza kuti mabwato aja adzalikoka mpaka kumtunda. Sipanapite nthawi, zingwe zokokera zinamasulidwa. Anthuwo anayandama masiku 13 opanda chakudya chokwanira, anamenyana, anaphana, ena anadziponya m'nyanja, ndipo otsala anafika podya mitembo ya anzawo. Pamene sitima ina yotchedwa Argus inawapeza, amoyo anali 15 okha, ndipo asanu mwa iwo anamwalira patangopita masiku ochepa.

M'nkhani yoopsa chonchi muli timphindi tambiri timene wojambula akanatha kusankha, ndipo Géricault, amene anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, anayesa tingapo pamapepala: kumenyana kuja, kudya mitembo kuja, ngakhale kupulumutsidwa kwenikweniko. Anakambirana ndi awiri mwa opulumukawo, anapangitsa kathandala kofanizira, ndipo ankapita kuchipatala kukayang'anitsitsa khungu la odwala ndi la akufa kuti adziwe mtundu wake weniweni. Pamapeto pake sanasankhe magazi kapena chisangalalo. Anasankha nthawi imene anthu aja anaona Argus koyamba, ili kutali kwambiri, asakudziwa ngati nayonso yawaona. Chithunzicho n'chachitali pafupifupi mamita 5 ndipo m'lifupi chimapitirira mamita 7, koma sitima yopulumutsayo ndi kadontho kakang'ono kumalekezero a nyanja, koti munthu wothamanga sangakaone n'komwe. Kumunsi kumanzere kuli bambo wokalamba amene wagwirizira mtembo wa mnyamata pamiyendo pake, atafulatira chiyembekezo chonsecho. Iyeyo zoti kwabwera sitima alibe nazo ntchito. Kuchokera pa iye matupi amakwera ngati chulu, akufa pansi, ofooka pakati, mpaka pamwamba penipeni pamene munthu wakuda akukupiza nsalu ndi mphamvu zake zonse zotsala. Mphepo nayo ikukankhira thandalalo kumbali ina, kutali ndi kumene akuloza. Malinga ndi zimene opulumuka anafotokoza, sitimayo inazimiririkadi ulendo woyambawo, n'kudzaonekeranso patapita maola angapo. Choncho chimene chili pansalupo ndi chiyembekezo chimene chatsala pang'ono kusweka.

Chithunzi chimenechi chinaonetsedwa koyamba mu 1819, ndipo ine ndikhoza kuchijambula m'mutu ndili chitsinzinire, mwendo ndi mwendo, osati chifukwa chakuti ndinachiloweza, koma chifukwa chiwalo chilichonse chili ndi ntchito m'nkhaniyo. Ndikakumbukira kuti panali wina amene anataya mtima, wokalamba uja amabwera yekha ndi dzanja lake patsaya. Ndikakumbukira kuti panali wina amene sanagonje, nsalu ija imakupizika. Nkhani imagawira zinthu malo ake, ndipo chinthu chimene chili ndi malo sichisochera.

Pali njira ina yochenjera kwambiri, yobisa nkhaniyo kuti woonera aipeze yekha. Mumzinda wa Brussels muli chithunzi chimene kalembedwe kake kanachokera kwa Pieter Bruegel wamkulu, wa zaka za m'ma 1500, ngakhale akatswiri ambiri amati chimene chilipocho anachikopera munthu wina. Ukachiona koyamba umaona mlimi wovala zofiira akulima ndi pulawo yokokedwa ndi kavalo, mbusa ali ndi nkhosa zake, msodzi ali m'mphepete mwa madzi, ndi sitima ikuyenda panyanja yabata. Dzina la chithunzicho limatchula kugwa kwa Icarus, mnyamata wa m'nthano za Agiriki amene anauluka ndi mapiko a nthenga zomata ndi phula, n'kuyandikira dzuwa mopitirira muyeso mpaka phulalo linasungunuka. Ndiye umayamba kufunafuna kuti kodi mnyamatayo ali pati. Umayang'ana kumwamba, kulibe. Pambuyo pake, kumunsi chakumanja, umaona timiyendo tiwiri toyera tikuphiriphitha pamwamba pa madzi, thupi lonse litamira kale. Mlimi sanatembenuke, msodzi sanadzutse mutu, sitima ikupitirira. Ndimakumbukirabe mmene mtima wanga unadumphira nditatiwona timiyendoto, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chinakhomerera chithunzichi m'mutu mwanga ndi kufufuza kuja. Zimene munthu wauzidwa amatha kuziiwala, koma zimene watola yekha amaziyesa zake.

Chithunzi cha Pablo Picasso chotchedwa Guernica chimagwira ntchito mosiyana ndi zonsezi, ndipo kwa nthawi yaitali chinkandisokoneza. Pa 26 Epulo 1937 ndege zankhondo za Germany ndi Italy, zimene zinkathandiza Francisco Franco pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, zinaponya mabomba pa tawuni ya Guernica. Picasso anali ku Paris, ndipo m'milungu yochepa anamaliza chithunzi chotalika pafupifupi mamita atatu ndi theka, cha mamita oposa 7 m'lifupi, chopanda mtundu wina uliwonse koma wakuda, woyera ndi wotuwa. Chodabwitsa n'chakuti mulibe ndege, mulibe bomba, mulibe msilikali wa adani. Muli mayi amene akulira atayang'ana kumwamba, mwana wakufa ali m'manja. Muli kavalo wolasidwa, ng'ombe yamphongo, munthu wogwa ali ndi lupanga lothyoka, ndi mkazi amene watulutsa mutu pawindo atanyamula nyale. Dzina lokha ndi limene limamangirira zonsezi ku tsiku limodzi ndi malo amodzi. Mukalichotsa dzinalo, chithunzicho chimakhalabe choopsa, koma chimasanduka maloto oipa chabe. Mukalibwezera, mayi uja amakhala mayi weniweni amene m'mawa wa tsikulo anali ndi mwana wamoyo. Ndipo chifukwa mulibe ndege ya dziko lililonse, nkhaniyo yakhala ikusamukira ku nkhondo ina iliyonse imene yabwera pambuyo pake. Picasso anakana kuti chithunzicho chipite ku Spain ufulu usanabwerere, choncho chinakhala zaka zambiri ku New York mpaka mu 1981. Mu Febuluwale 2003, pamene Colin Powell, amene panthawiyo anali nduna ya za kunja ya dziko la America, ankakafotokoza ku United Nations zifukwa zoyambira nkhondo ya ku Iraq, nsalu yolukidwa mofanizira chithunzichi, imene imapachikidwa pakhomo la chipinda cha Security Council, inaphimbidwa ndi katani. Akuluakulu anati anachita zimenezo kuti makamera a wailesi yakanema azijambula bwino. Kaya zinali choncho kaya ayi, kataniyo inangowonjezera mutu wina pa nkhani ya chithunzicho.

Koma pano ndiyenera kunena chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa chingwe chomwecho chimene chimakoka chithunzi chikhozanso kuchimanga pakhosi. Pali nkhani imene ili m'chithunzi, ndipo pali nkhani imene imangozungulira chithunzi, ndipo yachiwiriyi nthawi zambiri imameza yoyamba. Mona Lisa ndi kachithunzi ka masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, ndipo ngakhale akatswiri ankakalemekeza kuyambira kale, kutchuka kwake kwa dziko lonse kunakula kwambiri pa 21 Ogasiti 1911, pamene Vincenzo Peruggia, Mtaliyana amene anagwirapo ntchito ku Louvre, anakaba n'kutuluka nako. Nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinasindikiza nkhope ija, ndipo anthu ankaima pamzere kudzaona khoma lopanda kanthu pamene kanali. Kanapezeka ku Florence mu Disembala 1913. Lero khamu limadzaza chipindacho, mafoni ali m'mwamba, ndipo onsewo amafulatira chithunzi chachikulu kuposa zonse m'nyumbamo, cha Paolo Veronese, choonetsa ukwati wa ku Kana, chimene chili pakhoma loyang'anizana nalo. M'chithunzi cha Veronese muli anthu oposa 100 ndi nkhani imene ambiri amaidziwa ya madzi osanduka vinyo, koma chilibe nkhani yotchuka ngati ya kubedwa kwa Mona Lisa. Ambiri mwa anthu amenewo akabwerera kwawo amakumbukira kuti anaiona Mona Lisa, koma mukawafunsa chimene chili kumbuyo kwa phewa la mayiyo, sangakuuzeni kuti kuli msewu wokhotakhota ndi mlatho.

Nkhani ikhozanso kunama, ndipo ikanama maso amanama nayo. Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti chithunzi cha Vincent van Gogh cha munda wa tirigu ndi akhwangwala ndicho chinali chomaliza asanamwalire mu Julayi 1890. Ukamva choncho, thambo lija limada kwambiri, njira ya m'mundamo imaoneka yopita ku imfa, ndipo mbalamezo zimasanduka amithenga. Ine ndinachikonda chithunzichi ndi nkhani imeneyo kwa nthawi yaitali, ndipo zinandiwawa nditamva kuti akatswiri a Van Gogh Museum ku Amsterdam amati anajambulanso zina pambuyo pake, ndipo chomaliza chiyenera kuti chinali cha mizu ya mitengo. Ndinabwerera kwa akhwangwala aja ndili wokhumudwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuwala kwa tirigu, chikasu chake chowala ngati moto, chimene imfa yongopeka ija inkandiphimbira.

Choposa pamenepo chinachitika ku Netherlands. Mu 1937 Abraham Bredius, katswiri wolemekezeka kwambiri pa zithunzi za Johannes Vermeer, anaonetsedwa chithunzi cha Yesu akudya ndi ophunzira ku Emau, ndipo analengeza kuti chinali ntchito yapamwamba ya Vermeer. Chinagulidwa ndi ndalama zambiri n'kupachikidwa m'nyumba yoonetsera zithunzi ya Boijmans, mumzinda wa Rotterdam, kumene anthu ankachiyang'ana mwaulemu waukulu. Amene anachijambula anali Han van Meegeren, munthu wa m'nthawi yawo yomweyo. Chinyengocho chinaululika mu 1945, pamene iye anamangidwa pomuganizira kuti anagulitsa chuma cha dziko, chithunzi china chimene anthu ankati n'cha Vermeer, kwa Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Nazi. Kuti apulumuke mlandu woukira dziko, anavomera kuti zithunzizo ankajambula yekha, ndipo anajambula china akuyang'aniridwa pofuna kutsimikizira. Mu 1947 anagamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi. Munthu akachiona lero chithunzi cha ku Emau chija amadabwa kuti akatswiri anapusitsidwa bwanji ndi nkhope zolemera, zamaso olowa mkati, zosafanana n'komwe ndi za Vermeer. Yankho ndi lakuti akatswiriwo anali kale ndi nkhani m'mitu yawo, yakuti payenera kukhala zithunzi zachipembedzo za Vermeer zimene sizinapezeke, ndipo wachinyengoyo anangowajambulira chimene ankachiyembekezera.

N'chifukwa chake ndinasintha kaonedwe kanga. Kafukufuku amene anachitika ku Metropolitan Museum of Art ku New York, n'kufalitsidwa mu 2001, anapeza kuti anthu amaima pa chithunzi chotchuka masekondi pafupifupi 27, ndipo aliyense amene anaonapo anthu m'nyumba zoterezi akudziwa kuti gawo lina la nthawi yochepayo limathera pa kuwerenga kachikwangwani ka pambali. Ifenso timatero: timawerenga dzina, timaponya diso pa chithunzi kuti titsimikize kuti zikugwirizana, basi tapita. Masiku ano ndimadziletsa kuwerenga mpaka nditayamba ndafunsa chithunzicho mafunso anga. Ndani akuyang'ana ndani? Dzanja ili likupereka kapena likulanda? Chachitika n'chiyani mphindi imodzi yapitayo, ndipo khomo ilo likatseguka alowe ndani? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndaona kuti nkhani imene ndaipeka ndekha, ngakhale itakhala yolakwika, imandikakamiza kuyang'ana ngodya iliyonse pofuna umboni. Ndikadzawerenga kachikwangwani kaja n'kupeza kuti ndinaphonya, kuphonyako nakonso kumakhala mbali ya zimene ndimakumbukira.

Wina akhoza kunditsutsa ponena za zithunzi zimene mulibe munthu kapena chinthu chodziwika, monga bokosi lakuda la Kazimir Malevich la mu 1915, kapena mabwalo a utoto a Mark Rothko. Ndikuvomera kuti ojambula otere ankafuna kuthawa nkhani, ndipo ena anaithawadi. Koma mvetserani anthu akamakamba za zithunzi zimenezi. Amanena za tsiku limene anaima patsogolo pake, za chete amene anali m'chipindamo, za mmene utoto unayambira kuoneka ngati ukupuma. Nkhani ija yangochoka pansalu n'kusamukira mwa woonera.

Chithunzi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonse ndi chimene nkhani yake inatayika kotheratu. Mu Seputembala 1940 anyamata anayi analowa m'phanga la Lascaux, kumwera chakumadzulo kwa France, n'kupeza makoma odzaza ndi akavalo, agwape ndi ng'ombe zam'tchire, zojambulidwa zaka pafupifupi 17,000 zapitazo. Nyamazo n'zokongola mosaneneka, koma ndikamazikumbukira zimasakanikirana ngati zithunzi mazana zija za tsiku lija. Chimodzi chokha sichisakanikirana. Chili pansi pa dzenje lakuya, malo ovuta kufikako, ndipo m'phanga lonselo ndi pokhapo pamene pali munthu. Wajambulidwa ndi timizere tochepa, ali ndi mutu wonga wa mbalame, ndipo akugwa chagada manja ali tambalale. Patsogolo pake pali nyama yonga njati, yaweramitsa nyanga, matumbo ake akulendewera pamene mkondo wadutsa. Pambali pali kandodo kokhala ndi mbalame pamwamba, ndipo chakumanzere chipembere chikuchoka, chitafulatira zonsezo. Akatswiri ena amati ndi ngozi ya pa ulenje, ena amati ndi munthu wamizimu amene wakomoka ali m'masomphenya, enanso amati ndi nthano imene aliyense wa nthawi imeneyo ankaidziwa. Amene anatsikira m'dzenjemo ndi nyale ya mafuta a nyama ankadziwa dzina la munthuyo, ankadziwa ngati anadzuka kapena ayi. Ine ndimati ndikafika pa chipembere chija ndimaima, chifukwa sindinasankhebe ngati ndicho chinang'amba njatiyo kapena chinangodutsa ngati mlimi wa Bruegel uja.